Za mantha anga a agalu aja

Mwezi watha ndinafunsa ngati mlangizi wa za maganizo amene ndinkakumana naye uja ndiye anandichotsera mantha a agalu, kapena akanatha okha. Ambiri munati timakafuna thandizo zinthu zitafika poipitsitsa, ndiye ngakhale popanda chithandizo zikanapepukako. Zoona ndithu, koma anga anakhala zaka 20 osasunthika.

Chomwe chinasintha n'chakuti ndinasiya kuthawa. Ukathawa mtima umatsika pompo, ndipo mpumulo umenewo ndi umene umanenepetsa manthawo. Ine ndi mlangiziyo tinayamba ndi chithunzi cha galu, kenako galu womangidwa chapatali, ine chiimire, mtima ukugunda ngati ng'oma mpaka unakhazikika wokha. Mary Cover Jones, katswiri wa za maganizo wa ku America, anachitanso zofanana mu 1924 ndi kamnyamata koopa kalulu, kumuyandikizira pang'onopang'ono mwanayo akudya.

Dzulo ndinasisita galu wa aneba. M'manja munali thukuta lokhalokha.