Mayina akundithawa pa sheet ya banki m'khonde, ndithandizeni

Membala wobisa dzina:
Moni nonse. Admin chonde dzina langa lisaoneke, amene ndikuwanenawo ali momwemuno ndipo amawerenga chilichonse.

Ine ndine mlembi wa banki m'khonde yathu. Tilipo anthu 34, timakumana Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Udindowu sindinaupemphe ayi, anangondiloza chifukwa ndinafika Form 4, akuti ndiye kuti kompyuta ndimaidziwa. Kale tinkalemba m'kope, koma chaka chatha denga la kwa msungichuma linadontha, masamba a miyezi itatu anamatirirana, tsiku logawana kunatsala pang'ono kuvuta. Ndiye chaka chino tinagwirizana kuti zonse zizilowa mu sheet, tsamba lamakono la timabokosi lolembamo mayina ndi manambala m'malo mwa kope. Anandikonzera ndi mlamu wanga, koma panopa sitikuyankhulana chifukwa cha nkhani ya malo a kumudzi (imeneyo ndidzabwera nayo tsiku lina), ndiye kumufunsa sindingathe.

Vuto langa ndi ili. Pamwamba pali mitu: masheya, ngongole, chiwongoladzanja, chindapusa, ya zadzidzidzi, mwezi ndi mwezi. Mayina ali kumanzere. Ndikatsika kufuna munthu wa nambala 28, mitu ija imasowa, ndimangoona manambala okhaokha osadziwa kuti iyi ndi sheya kapena ngongole. Ndikapita kumanja kufuna October, mayina nawo athawa. Lamlungu lapitali K15,000 ya mayi wina ndinailemba pa mzere wa mnzake. Wapampando anandizazira pagulu ngati wagwira mbava, pomwe iyeyo ngongole yake ya April mpaka lero sanamalize. Usiku umenewo tulo sindinatione. Bambo akunyumba akuti ndingosiya, koma ndikasiya panopa anthu adzati ndadya ndalama.

Pali njira yoti mayina ndi mitu zizingokhala pomwepo ine ndikamayenda? Tikugawana sabata yachiwiri ya December.

Wa pa Chigumula: Ndikutsatira

Bambo Ma Accounts: FREEZE PANES. View, kenako Freeze Panes, nkhani yatha. Izi timaphunzitsa tsiku loyamba. Koma mayi ndikuuzeni zoona, vuto lanu si mitu kusowa. Vuto lanu mukusunga ndalama za anthu 34 pa sheet yomwe simunapange nokha ndipo simukuidziwa. Ine ndagwira ntchito ya ma accounts zaka zambirimbiri, zoterezi ndaziona. Mapeto ake kumakhala kupolisi.

Wa pa Chigumula: Freeze? Ndiye kuti aike laputopu mu fuliji bwana? Ndi magetsi athuwa iuma liti?

Bambo Ma Accounts: Pagulu la anthu akuluakulu pamafunika ulemu achimwene.

Make Mapasa: Iii asisi mwandikumbutsa. Kwathu kunalibe za sheet, tinali ndi kope labwinobwino, bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Msungichuma anangoti mwana wadwala ndikupita kumudzi. Timva kuti ali ku Joni. Bokosi kulitsegula muli K2,300 ndi ma receipt. Ine chaka chimenecho feteleza sindinagule. Mpaka lero ndikamva za banki m'khonde mutu umandiwawa. Tulukanimo msanga.

Aphunzitsi a Masamu: Mayi, tiuzeni kaye mukugwiritsa ntchito chiyani, Excel pa kompyuta kapena china? Njira zake zimasiyana. Ngati ndi Excel, tchererani apa chifukwa ambiri amalakwitsa. Mukadina Freeze Top Row mitu imaima. Mukabweranso kudina Freeze First Column, mayina amaima koma mitu ija imamasuka, chachiwiricho chimafufuta choyamba. Kuti ziime zonse pamodzi, dinani kaye kabokosi kamene kali pansi pa mitu komanso kumanja kwa mayina. Ngati mitu ili pa row 1 (mzere woyamba wopingasa) ndipo mayina ali pa column A (mzere woyamba wotsika), kabokosiko ndi B2. Kenako View, Freeze Panes, musankhe choyambirira chenicheni cholembedwa Freeze Panes. Zonse za pamwamba pa kabokosiko ndi za kumanzere kwake zimaima. Ngati mitu yatenga ma row atatu ndipo column A ndi ya manambala, mayina ali pa B, ndiye mudine C4.

Bambo Ma Accounts: Aphunzitsi mwatalikitsa. Alt, W, F, F. Mabatani anayi basi. Komanso njira imeneyo ndi ya ana a sukulu. Munthu wodziwa ntchito amasandutsa zonsezo kukhala TABLE. Ctrl ndi T. Akatero, akamatsika mitu imakhala pamene pamakhala zilembo A, B, C paja, popanda ku freeza chilichonse. Ma filter amabwera okha. Ine sheet yopanda table sindiyang'ana n'komwe.

Aphunzitsi a Masamu: Table imathandiza mitu yokha bwana, ndiponso pokhapokha kabokosi kamene mwadina kali mkati mwa table momwemo. Mayina a kumanzere siiwagwira. Mayiwa analakwitsa ndalama chifukwa mayina anasowa popita ku October. Werenganinso funso.

Bambo Ma Accounts: Ndawerenga. Sheet imene miyezi yake ikupita chammbali ndi yolakwika kuyambira pachiyambi. Malipiro aliwonse azikhala pa mzere wake, tsiku, dzina, ndalama, kenako PIVOT TABLE. Excel ili ndi ma row 1,048,576, inu mukukanikizana chammbali ngati mu minibasi chifukwa chiyani?

Mtsikana wa ku Area 25: Munthu wafunsa njira ya kuchigayo inu mukumuuza kuti adzale mpunga 😂

Zamagetsi Zotchipa: Laputopu zilipo zabwino, HP ndi Dell, Office ili kale momwemo. Inbox. Timatumiza Mzuzu, Zomba, paliponse.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Koma View yo ine sindikuiona. Ndasakasaka paliponse. Make Mapasa pepani ndi zomwe zinakuonekerani, kwathu msungichuma ndi munthu wopemphera, vuto ndi wapampando. Anafika ponena kuti mwana wake wa Standard 8 angalembe bwino kuposa ine.

Bambo Ma Accounts: View ILIPO. Ili pamwamba, pafupi ndi Review. Ngati Freeze Panes ikuoneka yotuwa yosadinika, ndiye kuti mwina mudakali mkati mwa kabokosi mukulemba, dinani Esc. Kapena muli pa Page Layout view, bwererani pa Normal. Kapena mlamu wanuyo anaikhoma sheet ndi password. Ndinanena ine, sheet ya eni.

Madala a ku Zomba: Mwina kompyuta yawo ndi yakale. Ife tinaphunzira pa Excel 2003, Freeze Panes inali pansi pa Window. Anadzasintha mu 2007 pobweretsa zithunzithunzi zapamwambazi, ine ndinatha mwezi wathunthu ndikusaka zinthu zomwe ndinkazidziwa bwinobwino. Ana a masiku ano simudziwa mavuto.

Mnyamata wa Linux: Nonsenu mukulimbana ndi Excel yomwe ambiri mwa inu simunagule n'komwe. LibreOffice Calc ndi yaulere, View kenako Freeze Rows and Columns, imagwira chimodzimodzi.

Bambo Ma Accounts: Kampani iti yomwe ingakulembe ntchito ndi zimenezo?

Mnyamata wa Linux: Mayiwa akufuna ntchito kapena akufuna kuona mayina?

Nachisale wa ku Joni: Make Mapasa, si onse tili kuno tinathawa ndi mabokosi chonde. Ena tikuvutika ndi ntchito zolemetsa kuti tizitumiza kenakake kumudzi.

Make Mapasa: Sindinatchule dzina la munthu ine. Koma ngati mukumuona kumeneko mumuuze kuti Mulungu akuona.

Kalaliki wa pa sitolo: Ine yanga ndi iyi. Ndinkaimika mitu bwinobwino, ndasunga, mawa kutsegula zabwerera mwakale. Sabata yathunthu ndikuganiza kuti wina akundiseweretsa pa kompyuta ya kuntchito, ndinakangana ndi mnzanga popanda chifukwa. Kumapeto ndinapeza kuti fayiloyo inali ya CSV. CSV imasunga manambala ndi mawu okha, za kuimika mitu, mitundu, kukula kwa ma column siisunga. Muisunge ngati xlsx, fayilo ya Excel yeniyeni. Chinanso, mukamasindikiza papepala freeze ija siigwira ntchito, mitu imatuluka pa tsamba loyamba lokha. Pamenepo ndi Page Layout, Print Titles, Rows to repeat at top. Tsiku logawana mudzafuna mapepala, anthu sakhulupirira sikirini.

Wa pa Chigumula: Ife tikudikira nkhani ya malo a kumudzi ija mayi. Mlamu anatani?

Aphunzitsi a Masamu: Mayi ndifunsenso. Kompyuta kapena foni? Chizindikiro cha pulogalamuyo ndi chotani?

Membala wobisa dzina: Ndi chobiriwira aphunzitsi.

Mtsikana wa ku Area 25: Zonse ndi zobiriwira mayi, Excel yobiriwira, Google Sheets yobiriwira 😭

Membala wobisa dzina: Chalembedwa Sheets. Ndi pa foni, kompyuta ine ndilibe. Mlamu anangonditumizira link pa WhatsApp. Kodi sindinanene?

Wa pa Chigumula: Hahaha bwana wa ma accounts, Alt W F F pa foni ili pati?

Bambo Ma Accounts: NDALAMA ZA ANTHU 34 PA FONI? Admin mukuziona izi? Foni ikagwera m'madzi?

Mnyamata wa Linux: Ikagwera m'madzi sheet imatsala, ili pa intaneti. Ukadaulo wonse uja izi simukuzidziwa?

Aphunzitsi a Masamu: Chabwino, iwalani zonse za B2 zija. Pa foni yang'anani manambala a ma row kumanzere kwenikweni. Gwirani nambala ya row yomaliza ya mitu osachotsa chala, patuluka kamndandanda. Ngati mawu akuti Freeze sakuoneka, dinani timadontho titatu, muwapeza. Kenako muchite chimodzimodzi pa chilembo cha column ya mayina pamwamba. Kuno zonse ziwiri zimaima, china sichifufuta chinzake. Musaimike ma row ambiri, sikirini ya foni ndi yaing'ono, mupezeka poyendapo palibe. Mukamafuna miyezi ya kutali foniyo muziigoneka chammbali.

Kalaliki wa pa sitolo: Koma dikirani. Ngati link inachokera kwa mlamu, mwini fayilo ndi iyeyo. Akuona ngongole za azimayi onse 34, ndipo tsiku lomwe nkhani ya malo yafika povuta atha kukutsekerani kunja. Pangani copy yanu lero lomwe, izikhala pa akaunti yanu.

Make Mapasa: Mwaona? Zimayamba chonchi.

Membala wobisa dzina: Aphunzitsi Mulungu akudalitseni, mitu yaima! Ndatsika mpaka nambala 34 ikuonekabe. Koma mayina akukana. Pakubwera uthenga wa Chingerezi, mawu amene ndawagwira ndi akuti merged.

Aphunzitsi a Masamu: Pamwamba penipeni pali dzina la gulu lanu loyala kuyambira kumanzere mpaka kumanja eti? Mlamu wanu analumikiza timabokosi tambiri kukhala kamodzi kuti mutuwo uoneke bwino. Sheets siilola kuimika column ngati mzere woimikirawo ukudula kabokosi kolumikizidwa pakati. Dinani mutuwo, pitani pa chizindikiro cha A cha pamwamba, pa Cell, muzimitse Merge cells. Dzina la gulu lisunthira kumanzere, silioneka bwino ngati kale koma palibe chomwe chifufutike. Mukatero yesaninso.

Bambo Ma Accounts: MERGE CELLS ndi mdani wa accountant aliyense. Ndakhala ndikunena pagulu pano kangapo konse, palibe amene amamva. Amene akufuna maphunziro enieni andipeze ku inbox, Loweruka lililonse.

Zamagetsi Zotchipa: Mayi laputopu ija ikadalipo, titha kukambirana mtengo.

Membala wobisa dzina: Ndiyesa mawa aphunzitsi, bundle yatsala pang'ono kutha. Komanso wapampando wangondiimbira kumene, akufunsa ngati ndine ndalemba za ngongole ya April pagulu. Ndawauza kuti magulu a anthu 34 ndi ambiri m'Malawi muno. Admin, kodi ndime imeneyo yokha singafufutike?

Wa pa Chigumula: Screenshot tatenga kale mayi. Nanga za malo zija?