Ndithandizeni nzeru, ndikufuna kuyamba damu la nsomba

Abale anga, ine ndimapikula matemba ndi makumba ku Kachulu nkumagulitsa mumsika wa Zomba, koma bizinesi yake yavuta heavy. Nyanja ya Chilwa siyodalirikanso, mukukumbuka mmene inaphwera 2018 mabwato atangokhala pamatope, ndiye ikafikanso nyengo yotseka nyanja timangokhala manja lende, ana akufuna fizi.

Pano ndili ndi kamalo kudambo kwathu ku Malosa, madzi sauma chaka chonse, ndikufuna ndikumbe damu limodzi kaye. Ndamva kuti ku Domasi kuli malo a boma a za ulimi wa nsomba, amene munapitako kodi mbewu ya makumba amagulitsa kwa munthu payekha kapena mpaka mukhale kalabu? Nanga alangizi a fisharizi amabwera kudzaona malo usanakumbe, kapena ndiyambire kuofesi kwa DC?

Chinanso ndi chakudya, madeya a chimanga okha nsomba zingakule bwino? Sindikufuna kutaya kandalama kanga ka banki mkhonde. Amene mukuweta kale chonde ndiuzeni munayamba bwanji.