Mtima ukungothamanga usiku, ndikungolira, kodi ndayamba misala?

Membala wobisa dzina:
A admin ndibiseni dzina chonde, pagulu pano pali azilamu anga. Ndine mayi wa zaka 31, ana awiri, ndimakhala cha ku Chitakale kuno ku Mulanje, ndimagulitsa zipatso pamsewu. Chaka chatha anandipeza ndi vuto la chithokomiro. Miyezi iwiri yapitayi sindikudzimvetsa. Usiku mtima umangoti gugugu ngati ndakwera phiri kuchokera pa Likhubula, thukuta kamukamu, chonsecho ndi June uno anzanga akufunda mabulangete awiri. Manja akunjenjemera moti dzana ndinagwetsera chenji cha kasitomala m'ngalande. Foni ikangolira ndimati basi ndi uthenga wa maliro. Ndimalira osadziwa chondiliza. Masiketi onse akuvuka koma kudya ndikudya kuposa kale.

Bambo akunyumba amagwira kufakitale ya tiyi, nyengo ino masamba achepa ndiye amangokhala pakhomo, akuti ndikudzipangitsa. Mlamu wanga anatenga K60,000 kubanki m'khonde pa dzina langa, mpaka lero zii, ndikamuimbira akuti netiweki. Apongozi anabwera March kudzaona mwana atadwala malungo, mwana anachira kalekale, iwo akadali pompano, pamudzi pa kwathu. Akuuza anthu kutchalitchi kuti ndaonda chifukwa ndili pa mankhwala aja. Ndinakayezetsa ine, ndilibe. Nkhuku zanga 9 zinapitanso ndi chitopa. Nthawi zina ndimalakalaka nditangogona osadzukanso. Kodi ndi maganizo chabe kapena ndayamba misala, ndipite ku Zomba? Mankhwala ndikumwa tsiku lililonse osadumphitsa.

Aphunzitsi Opuma:
MCHERE. Mayi, mumagula mchere wanji? Ndaphunzitsa zaka 34 m'sukulu za ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo nkhani imeneyi ndayankhula mpaka mawu kusasa. Anthu mumakonda mchere wa pamulu wa kumsika wa Limbuli ndi Muloza poti ngotchipa, osafunsa ngati muli ayodini. Chithokomiro popanda ayodini sichingapange mahomoni, ndiye chimatupa pofuna kudzikakamiza. Gulani wa m'paketi wolembedwa, muusunge m'botolo lotseka, osati m'chibekete cha pafupi ndi moto.

Make Praise:
Pepani asisi. Ine ndaima pa mawu akuti kugona osadzukanso. Pali munthu amene mwamuuza zimenezi pamaso, osati pafoni? Mchemwali wanu kapena amayi anu, usiku uno.

Jah Man wa pa Nkando:
Apongozi miyezi inayi?? Mayi chithokomiro chanucho musachifune pakhosi, chili pamkeka pakhonde chikudya nanazi kkkkk

Make Praise:
Munthu akulira inu mukuseka. Mulibe azichemwali?

Jah Man wa pa Nkando:
Ndangoti aseke pang'ono amayi, musandidye.

Mtumiki Wamkazi:
Mwana wanga, nkhuku kufa, ndalama kusowa, thupi kutha, mtima kuthamanga usiku wokhawokha, zonsezi chaka chimodzi? Tsegulani maso. Pali amene anakuponderani. Salani kudya masiku atatu, ndipezeni ku inbox tipemphere.

Nasibeko:
Kupemphera pempherani, koma kusala kudya ayi, munthu akutha thupi kale. Ine ndimagwira ntchito ku pharmacy. Mayi, simunatiuze chinthu chachikulu. Mavuto a chithokomiro alipo mbali ziwiri. China chimagwira ntchito mopyola, munthu amaonda, amamva kutentha, mtima kuthamanga, kunjenjemera, nkhawa. China chimafooka, munthu amanenepa, amazizidwa, amangogona, amakhumudwa. Chanu anati ndi chiti? Ndipo mankhwalawo dzina lake ndi chiyani? Werengani pa kapepala.

Aphunzitsi Opuma:
Mbali ziwiri kapena khumi, gwero ndi limodzi. Onjezanipo chinangwa. Kuno timadya makaka ndi chinangwa chowawa chosaviika mokwanira, ndipo m'menemo muli poizoni amene amatsekereza ayodini kulowa m'chithokomiro. Agogo athu ankaviika masiku angapo, ana a lero mukufuna kukumba m'mawa kudya masana. Kale tikukula, kumudzi kunkapezeka amayi a zotupa pakhosi ngati zipanda. Zinachepa chifukwa cha mchere wa ayodini, osati mapiritsi.

Nasibeko:
Bambo, za chotupa chobwera kaamba kosowa ayodini mukunena zoona. Koma zizindikiro za mayiwa ndi za chithokomiro chothamanga, chimenecho mchere suchiza.

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga, pamene ndinkayamba kugwira choko iwe unali usanabadwe.

Anachisale a ku Goliati:
Muli pa jakisoni wolera? Ine Depo anandizunza zaka ziwiri, kumwezi osapita, mutu waching'alang'ala, kupsa mtima ngati ndadya tsabola. Amuna anga mpaka anaitana ankhoswe. Nditachotsa ndinakhala munthu. Siyani jakisoni muone.

Che Bwanali:
Ndiye akasiya n'kutenga mimba ali chonchi mudzalera ndinu?

Anachisale a ku Goliati:
Nkhani za amayi mwazilowa bwanji bambo inu?

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Jakisoni sindibaya. Mchere ndimagula wa m'paketi. Za apongozi ndinakauza malume anga, akuti dikira tikolole nandolo tidzakambirane. Nandolo mpaka August abale. Ndiye dzulo apongoziwo atenga poto wanga watsopano kuphikira mankhwala a zitsamba akuti ndimwe.

Aphunzitsi Opuma:
Wa m'paketi inde, koma mumausunga pati? Funso langa simunayankhe.

Make Yankho wa ku Luchenza:
Achemwali, nkhani yanu yandikumbutsa zanga. Ine zinayamba nditabereka mwana wachitatu. Miyezi yoyamba ndinali ngati inuyo, kusagona, mtima phaphapha. Kenako zinatembenuka. Kutopa kosaneneka, kusesa pabwalo pokha ndimakhala pansi kawiri. Kuzizidwa mu October anthu akusamba katatu. Tsitsi kuthothoka, khungu kuuma ngati la buluzi, kuiwala ndiwo pamoto. Kumvano ankati ndayamba ulesi. Bambo a Yankho anati anakwatira mkazi osati thumba la chimanga, anakatenga wina ku Bvumbwe, mpaka lero sindiiwala, anatenga ndi njinga yomwe ndinagula ndekha ndi ndalama za tomato. Ndinkakhala kuseri kwa nyumba kumangolira. Anadzandithandiza ndi dokotala wina amene anandiyeza magazi kuti aone mahomoni otchedwa TSH, n'kupeza kuti chithokomiro chafooka. Anandipatsa levothyroxine. Ndimamwa 5 koloko m'mawa ndi madzi okha, m'mimba mulibe kanthu, tiyi ndimadikira ola lathunthu. Mapiritsi owonjezera magazi aja osamwera limodzi, azitalikirana maola anayi. Patatha miyezi iwiri anandiyezanso. Lero ndimalima ndekha. Njinga yokha ndiyo sinabwerere.

Bambo a ku Muloza:
Si zonse chithokomiro. Chichitikire namondwe wa Freddy mu March 2023 ine mvula ikangoyamba kuwaza pa malata sindigona, ndimakhala pakhomo ndi tochi kumvetsera madzi. Tinataya nyumba ndi mbuzi zonse. Ndinkachita manyazi kunena poti ndine mwamuna. Pachipatala cha boma pali anamwino oona za maganizo, simuchita kuyambira ku Zomba. Kucheza nawo kunandipepuza. Nkhawa si misala mayi.

Aphunzitsi Opuma:
Freddy uja anatipweteka chifukwa chodula mitengo m'phiri. Mkungudza wa Mulanje uli kuti lero? Ndinkawauza ana m'kalasi. Koma tibwerere ku mchere.

Jah Man wa pa Nkando:
Aphunzitsi mukadzamwalira tidzakuikani ndi paketi ya mchere kumutu.

Aphunzitsi Opuma:
Ukadakhala m'kalasi mwanga ukadakumba dzenje la zinyalala sabata yathunthu. A admin, mwana uyu achotsedwe.

Membala wobisa dzina:
Make Yankho pepani ndi za njingazo, amuna ndi amodzi. Eya, levo ameneyo ndi amenenso ndikumwa panopa. Oyamba aja, carbi chani kaya, anatha mu April. Nditapita anati atha ndikagule ndekha, ndalama ndi imene mlamu anatenga ija. Ndiye azakhali anga amene anawachita opaleshoni ya chithokomiro anandigawirako awo, akuti matenda ndi amodzi. Ndimamwa tiwiri poti ndi tating'ono. Koma za apongozi mukuti nditani?

Mtumiki Wamkazi:
Mwaona? Azakhali. Ndinanena ine kuti ndi wapafupi.

Anachisale a ku Goliati:
Apongozi musawathamangitse nokha, adzakunenerani zoipa. Muwatume amuna anu. Kapena yambani kuphika nsima yochepa, anga anachoka sabata imodzi.

Nasibeko:
MAYI IMANI KAYE. Siyani za apongozi. Oyamba aja ndi carbimazole, amapatsidwa kwa munthu amene chithokomiro chikuthamanga kuti achibweze. Levothyroxine ndi mahomoni enieniwo, amapatsidwa kwa amene chithokomiro chafooka kapena anachichotsa, ngati azakhali anuwo. Mwasiya ozimitsa moto, mukuthira parafini, kawirinso. N'chifukwa chake mtima, thukuta, kuonda, mantha. Azakhali sanakuchiteni chipongwe, sankadziwa, ndipo nawonso mapiritsi awo aperewera.

Musamwenso levothyroxine. Mawa m'mawa pitani kuchipatala ndi buku lanu ndi mapiritsiwo, mukanene zonse mmene mwalembera apa, osabisa poopa kukalipidwa. Akuyezeni kugunda kwa mtima, BP, ndi magazi oona mahomoni a TSH ndi T4. Ngati pamenepo sangathe akulemberani kalata ya kuchipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre. Ngati mwadumphitsa kumwezi kanenenitu, carbimazole amafuna kusamala pa mimba yoyambirira. Ngati muli ndi mphumu kaneneninso, chifukwa propranolol amene amaperekedwa kuti mtima ukhazikike sagwirizana ndi mphumu. Koma usiku uno mukamva thupi kutentha kwambiri, kusanza, kupweteka pachifuwa, kubanika kapena mutu kusokonezeka, musadikire kuche, pezani njinga yamoto.

Aphunzitsi Opuma:
Zikanakhala kuti kuyambira pachiyambi banja lonse likudya mchere woyenera, azakhaliwo sakanachitidwa opaleshoni, ndipo mapiritsi ogawanawo sakanapezeka m'nyumba. Ndiye mukuona kuti tabwerera pomwe ndinayambira.

Che Bwanali:
Bambo pumulani, mwapuma kale ntchito.

Make Praise:
Pa Airtel imbani 54747, Chipatala Cha Pa Foni, ndi ulere. Ndipo funso langa lija simunandiyankhe asisi. Mwauza ndani?

Make Yankho wa ku Luchenza:
Iii Mulungu wanga, ndiye ndikanakupwetekani ine ndi nkhani yanga. Mverani a Nasibeko. Musayembekeze kuti mukasiya lero mawa mwachira, mankhwala amenewa amakhalitsa m'thupi masiku ambiri.

Nasibeko:
Zoona. Ndipo akakubwezerani pa carbimazole, tsiku lina mukadzamva zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi, mudzasiye n'kuthamangira kukayezetsa magazi tsiku lomwelo. Za kulira ndi zolakalaka kusadzuka mukanenenso mawa lomwelo, musati poti chapezeka chithokomiro ndiye basi. Mahomoni akakhazikika nkhawa zambiri zimatsika, koma ngongole ndi zapakhomozo zidzakhalapobe, mukufunika wokamba naye.

Mtumiki Wamkazi:
Inbox yanga ikadali yotsegula.

Membala wobisa dzina:
Ndawerenga, manja akuchita kunjenjemera. Ndamuitana mng'ono wanga agone kuno, ndamuuza zonse, a Make Praise. Mawa tilawirira limodzi. Koma buku lakuchipatala lili m'chikwama cha apongozi, anatenga kuti akaonetse asing'anga awo, ndipo agona kale. Ndiwadzutse kapena ndipite opanda buku?

Aphunzitsi Opuma:
Adzutseni. Ndipo pobwera kuchipatalako mudzatiuze mchere mumausunga pati.