Ndinapitadi ku Chididi kuja

Paja ndinafunsa ngati kuno ku Chigwa cha Shire kuli phiri loti munthu n'kukwera ndi kutsika tsiku lomwelo m'miyezi yozizira ya June ndi July. Ambiri munati ndiyese mapiri a ku Chididi, kumadzulo kwa boma la Nsanje. Loweruka lapitali ndinapitadi, ndipo zikomo kwambiri.

M'mawa kumazizira ndithu, koma ikamakwana 10 koloko dzuwa la kuno layamba kale kubaya. Nyamukani kusanache, madzi mutenge okwanira. Tinjira ta m'phirimo ndi tamiyala, udzu wauma ndipo umaterera potsika. Patapata musiye kunyumba. Pamwamba pali kamphepo kozizira bwino, ndipo mukayang'ana kum'mawa mumaona Shire akukhotakhota m'madambo, tsidya lake kuli Mozambique. Pitani August asanafike, chifukwa utsi wa moto wolusa umaphimba zonsezi.

Chinandipweteka mtima ndi zitsa. M'malo ena mitengo yatha, patsala phulusa lakuda pamene ankawotchera makala.

Inu amene munatchula za Mwabvi, malo osungirako nyama zakutchire aja, kumeneko musayende nokha. Kuli njati, pamafunika kuyenda ndi woteteza nyama.