Ndalama ya pageti m'mahotela a kunyanja: timalipira chiyani kwenikweni?

WaKuArea25: Abale ndithandizeni. Mahotela akuluakulu a ku Mangochi ndi ku Senga Bay amati wosagona alipire kaye pageti. Ndalama imeneyi ndi ya chiyani, poti chakudya timagulanso mkatimo? Nanga tikafuna kupita banja lonse pa Mother's Day tikonzekere bwanji?

Chambo_Wowamba: Achimwene, malipirowa ali pawiri, ndiye funsani musanatulutse ndalama. Ena ndi ongolowera basi, sabwerera. Ena amakupatsani voucha yoti mudyere kapena kumwera mkati. Pamene ambiri amalirira ndi pa vouchapa: imagwira ntchito tsiku lomwelo lokha, ndipo mukadya zosakwana mtengo wake chenji palibe. Mukapitirira mumawonjezera. Funsaninso ngati mitengo ya pa menyu yaphatikiza kale VAT ndi tourism levy (msonkho wa zokopa alendo), apo ayi bilu idzakudzidzimutsani. Risiti ya pageti isungeni, weta sangochotsera ndalama pa mawu apakamwa.

MayiWaMapampu: Chodula kwambiri ndi dziwe losambira. Kolorini, mankhwala ophera tizilombo m'madzi, imayenera kukhala mamiligalamu 1 mpaka 3 pa lita, pH (muyeso wa asidi m'madzi) ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6, pampu ikuzungulitsa madzi m'sefa ya mchenga pafupifupi tsiku lonse. Magetsi akathima, jenereta imamwa dizilo. Tsono anthu akadzadza, thukuta ndi mafuta odzola zimamaliza kolorini msanga, madzi amachita mbuu, mpaka kutseka dziwelo kuti athire mankhwala ambiri. Wovutika ndi uja walipira chipinda. Geti ndiye limachepetsa chiwerengero. Onjezani matawulo, zimbudzi, alonda ndi opulumutsa omira. Ndisabise, kwina amangokweza dala kuti asankhe nkhope, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Chambo_Wowamba: Zoona mayi. N'chifukwa chake mtengo wa Lachiwiri sufanana ndi wa pa Khirisimasi kapena Isitala.

AnkoloAPaSalima: Pa 15 Okutobala musangodzuka n'kunyamuka, imbani foni kukadali sabata, chifukwa malo akadzadza amabweza anthu pageti pomwepo. Funsani zaka zimene mwana amalipira theka, ndi nthawi yotulukira, nthawi zambiri dzuwa lisanalowe. Cooler box isiyeni m'galimoto; botolo lanu lolowa nalo amalipiritsa corkage, ndalama yomwera chakumwa chochokera kunja. Kalamba ka pamkono kamene amakuvekani musadule, kakaduka ena amati mulipirenso.