Kukoka munthu wongoyamba kumene wakeboard: liwiro ndi chingwe zikhale bwanji?

Wa pa Santhe: Akuluakulu, thandizeni. Gulu lathu la ku Kasungu kuno likupita kunyanja ku Nkhotakota kukaphunzira wakeboard, masewera oimirira pathabwa pamadzi uku boti likukukoka ndi chingwe. Boti lizithamanga bwanji, nanga chingwe chitalike motani?

Nabanda: Achimwene, wongoyamba kumene musamupitirize makilomita 25 mpaka 28 pa ola. Chingwe chikhale cha mamita 15 mpaka 18, chosatamuka. Woyendetsa ayambe wayenda pang'onopang'ono mpaka chingwe chikungike, ndiye awonjezere moto mosadzidzimutsa. Akakoka mwamphamvu kamodzin'kamodzi, chogwirira chimapulumuka m'manja.

Malume a ku Chulu: Ambiri amagwa podzuka. M'madzimo khalani chonyonyomala, maondo pachifuwa, mikono yowongoka, thabwa litapingasa kutsogolo kwanu ndipo mphepete yakuzala zakumapazi ikuonekera pamwamba. Musadzikoke nokha, lolani boti likudzutseni. Mukapinda zigongono chingwe chimalendewera, mumagwa chagada. Mukafulumira kuimirira, thabwa limamira, mumagwa chafufumimba. Thabwa likayamba kuyandama, tsitsani chogwirira pachiuno cha mwendo wotsogola, lidzatembenuka lokha. Maso paboti, osati kumapazi. Mukagwa tayani chingwe.

Nabanda: Malume anena zoona, koma jekete yoyandamitsa aiwala. Ikhale yothina bwino. M'boti mukhalenso wina woyang'ana kumbuyo, ndipo injini izizimitsidwa pomunyamula wagwayo. Pitani m'mamawa, makamaka June ndi July pomwe mwera umavuta. Pewani maukonde a asodzi ndi pamathiriro a mtsinje wa Bua, ng'ona zilipo.