Thandizeni maganizo: tigawane bwanji ndalama za ulendo wa ku Mozambique osadana?

Admin, chonde ndibiseni dzina, chifukwa ena mwa amene ndikuwakamba ali m'gulu lomweli.

Moni a Malawi anzanga a kuno ku Joni. Ndife azimayi 6, tonse ochokera kumudzi, ndipo takhala tikuchita chipereganyu kwa zaka zitatu osakanganapo ngakhale tsiku limodzi. Zimene zatsala pang'ono kutidanitsa ndi ndalama za kokayenda.

Disembala wathayu tinapita ku Durban masiku anayi. Sitinasonkhe kalikonse tisananyamuke, tinangoti aliyense azilipira pamene pafunika, tidzawerengera pobwera. Ine ndinalipira nyumba yogona yonse, R7,200, pa khadi langa. Wina anathira mafuta, wina analipira ma tollgate a pa N3, wina anagula nyama ndi zakumwa. Palibe amene anasunga lisiti. Tsiku lobwerera titakhala pansi kuti tiwerengere, awiri amene samwa anati sangalipirire vinyo, ndipo sindikuwanena, anali ndi mfundo. Wogula vinyoyo anati nanga nyama ija simunadye? Kuyambira ku Harrismith mpaka kulowa mu Johannesburg m'galimoto munangoti zii. Ndalama zanga zomaliza ndinazilandira mu Malichi nditachita kukumbutsa kanayi, ndipo ulendo uliwonse ndinkachita manyazi ngati wopemphetsa ndine. Januwale mukumudziwa: lendi kuno, fizi ya ana kumudzi, feteleza wobereketsa.

Chaka chino tagwirizana zopita ku Ponta do Ouro, kunyanja ku Mozambique, masiku 5. Tidzadzera pa N4, Mbombela, Komatipoort, kutulukira pa boda ya Lebombo kulowa Ressano Garcia, kenako Maputo ndi kuwoloka mlatho wa Katembe. Galimoto ndi ya amuna a mnzathu mmodzi. Iye akuti popeza galimoto ndi yawo, sayenera kusonkha za mafuta. Ena akuti akapanda kusonkha ndiye kuti akupita ulele.

Koma chimene chikundisowetsa tulo si chimenechi. M'gulu mwathu muli achemwali amene anandilandira mu 2017 nditatsika basi pa Park Station ndili ndi chikwama chimodzi. Anandisunga kwawo ku Rosettenville miyezi isanu osandilipiritsa ngakhale senti, ndipo ntchito ya saluni imene ndikugwira ku Randburg anandifunsira ndi iwo. Mabwana awo anasamuka, pano akungogwira maganyu masiku awiri pa sabata. Iwo akuti "ndipita, ndipeza", koma ndikudziwa kuti sapeza. Awiri m'gulumu anena kale kuti amene sakwanitsa atsale. Ine mtima ukukana kukaona nyanja iwo ali pakhomo. Ndikufuna kuwalipirira, koma ndi munthu wodzilemekeza kwambiri, akamva kuti takhala tikuwakambirana akhoza kutuluka ndi m'chipereganyu momwe.

Inu amene mumayenda pagulu mumatani? Ndalama amasunga ndani? Mwini galimoto azisonkha kapena ayi? Nanga achemwaliwa ndiwafike bwanji?

Mayi wina wa ku Turffontein:
Mchemwali, cholakwika chinali "tidzawerengera pobwera". Ife ndife 8, ndipo tinaphunzira titapsa ngati inu. Pano timayamba kusonkha miyezi inayi ulendo usanafike, ndalama yofanana mwezi uliwonse. Thumba limeneli ndi la zinthu zimene aliyense agwiritsa ntchito, afune asafune: nyumba, mafuta, ma tollgate, mapepala a galimoto, ufa, ndiwo, makala, madzi akumwa. Mowa, vinyo, zovala ndi mphatso za ana, aliyense m'thumba mwake. Akumwa asonkherane paokha. Wosunga ndalama ndi mmodzi, wolemba m'kope ndi wina, ndipo lisiti iliyonse timaijambula nthawi yomweyo n'kuiponya pa gulu la WhatsApp. Zotsala timagawana tisanatsike m'galimoto. Ndipo musadzalipirenso nyumba nokha pa khadi lanu anzanu asanakupatseni.

Bambo wina wa ku Kempton Park:
Amayi, ine msewu umenewo ndimauyenda. Musawerengere mafuta okha. Pa N4 pali ma tollgate a Diamond Hill, Middelburg, Machado ndi Nkomazi, ndipo mukalowa Mozambique mupezanso ena, pa mlatho wa Katembe umene anautsegula mu 2018 mulipiranso. Zonsezo muwerengere kawiri, popita ndi pobwera. Galimoto ikufunika inshuwalansi ya third party ya ku Mozambique ndi chikalata chololeza kuilowetsa kwa kanthawi. Ngati ikadali pa ngongole, amuna a mnzanuyo atenge kalata ku banki, komanso alembe kalata yololeza woyendetsa popeza iwo sakhalapo. Musaiwale ma triangle ndi chovala chowala chija. Mu Disembala pa Lebombo mzere umakhala wautali kwabasi, nyamukani usiku ndi chakudya chanu. Ku Ponta rand amalandira m'malo ambiri, koma wogulitsa ndi amene amatchula mtengo wosinthira, ndiye khalani ndi ma metical, ndalama za ku Mozambique, ogulira zinthu zing'onozing'ono. Za mwini galimoto, ine ndikuona kuti ali ndi mfundo. Matayala, oyilo ndi sevisi akabwerako ndi zake yekha. Mafuta mugawane inu 5, koma zina zonse asonkhe ngati aliyense. Mugwirizanenso tsopano kuti tayala likaphulika kapena apolisi akakulipiritsani, alipira ndani.

Mtsikana wina wa ku Midrand:
Asisi, ikani Splitwise pa foni. Aliyense akalipira amalemba, yokha imawerengera amene ali ndi ngongole kwa mnzake, ndipo mukhoza kusankha kuti vinyo agawane anthu 4 okha. Koma ngati ena m'gulu foni imawavuta, kope ndi bolopeni ndi bwino.

Bambo wina wa ku Germiston:
Musanapereke dipoziti, khalani pansi aliyense aonetse pasipoti ndi pemiti yake. Ndikunena izi mwachikondi. Munthu amene masiku ake anatha akafika pa boda potuluka amamudinda kuti ndi wosafunika, ndipo amaletsedwa kulowanso South Africa kwa chaka chimodzi, kapena zaka 5 ngati anapitirira masiku 30. Ntchito, katundu, ana, zonse zimatsala kuno. Mwina achemwali anuwo vuto si ndalama zokha.

Agogo ena a ku Yeoville:
Mwanangu, nkhani ya achemwali ako isakambidwe pa foni kapena pagulu. Gula shuga ndi buledi, pita kwawo Lamlungu madzulo. Usanene kuti "ndikuthandizeni", mawu amenewo amalasa munthu amene anazolowera kuthandiza ena. Uwakumbutse za miyezi isanu ija, uwauze kuti wakhala ndi ngongole zaka zonsezi ndipo ukufuna kuyamba kubweza. Ndalama uwapatse m'manja mwawo, akasonkhe okha ngati wina aliyense. Anzako enawo sayenera kudziwa kumene zachokera. Akakana, usawakakamize.

Wolemba funso:
Zikomo nonse, ndawerenga yankho lililonse. Agogo, ndinapita dzulo monga munanenera. Tinakhala nthawi yaitali. Poyamba anakana, kenako analira, nanenso ndinalira. Mapepala awo ali bwino, ndinawafunsa. Avomera kuti ndiwapatse theka, theka linalo akuti asonkha okha pang'onopang'ono, ndipo sindinatsutse. Usiku womwewo ndinalemba pa gulu lathu za thumba limodzi, R900 mwezi uliwonse kuyambira mwezi uno, zakumwa padera, mwini galimoto osasonkha mafuta. Anayi avomera. Mmodzi wawerenga koma sanayankhe.

Latsala funso limodzi. Mwini nyumba ku Ponta akufuna theka la ndalama tsopano, ndipo wanena kuti sabweza. Wina akadzasintha maganizo mu Novembala, kaya chifukwa cha maliro kumudzi kaya abwana amukaniza tchuthi, gawo lake la dipoziti limuthere yekha kapena tigawane tonse otsala? Mayi a ku Turffontein, inu zikatere mumatani?